Mkangano wa umphawi ndi chilengedwe unachokera kutali

Msonkhano wa zanyengo wa ku Baku mu 2024 utagwirizana kuti mayiko olemera azipereka madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035 othandizira mayiko osauka kulimbana ndi kusintha kwa nyengo, nthumwi ya India inakana poyera, inati ndalamazo n'zochepa. Dandauloli si lachilendo. Pa msonkhano wa zachilengedwe wa ku Stockholm mu 1972, Indira Gandhi, yemwe anali nduna yaikulu ya India, anafunsa ngati umphawi suli pamwamba pa zonse zowononga chilengedwe. Ambiri amawatchula mawuwa ngati chigamulo, koma m'zolemba za msonkhanowo ndi funso, ndipo ankateteza ufulu wa mayiko osauka wodzitukula.

Chaka chomwecho kunabadwa UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, likulu lake ku Nairobi. Kenaka msonkhano waukulu wa zachilengedwe wa ku Rio mu 1992, malonjezo ankhaninkhani. Koma m'maboma ambiri unduna wa zachilengedwe unkangotola nyenyeswa za bajeti, pomwe mapulani othetsa umphawi, amene World Bank ndi IMF anayamba kufuna mu 1999, ankalembedwa ku unduna wa zachuma.

Kwa ine zinthu zinatembenukira ku Rwanda. Anthu osowa minda analima ndi kukumba ngalande m'dambo la Rugezi, lomwe limathira madzi m'nyanja za Burera ndi Ruhondo. Pofika 2004 madzi anatsika, makina opanga magetsi ndi madzi a ku Ntaruka ndi Mukungwa anafooka, boma n'kuyamba kubwereka majenereta a dizilo pa mtengo woboola m'thumba. Malipoti sagwirizana kwenikweni pa gwero: ena amaloza alimi, ena amawonjezapo kuchepa kwa mvula ndi makina osasamalidwa. Kuloza mlimi yekha n'kophweka, poti iye salemba malipoti. Boma linaletsa kulima m'dambomo, madzi n'kuyamba kubwerera, koma mabanja amene ankadalira minda imeneyo anayenera kufunafuna pogwira pena.

Dambo litasanduka nkhani ya ndalama, a zachuma anatchera khutu. Njira imeneyi ndi imene UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, ndi UNEP anatsata mu Poverty-Environment Initiative, yomwe inayamba mu 2005: kuphunzitsa akuluakulu okonza mapulani ndi bajeti kuwerengera zimene dziko limataya nthaka ikakokoloka kapena nkhalango zikatha, m'malo mongothandiza unduna wa zachilengedwe wokha. Ntchitoyi inafika m'mayiko a mu Africa, Asia ndi Latin America mpaka 2018. Zambiri zotamanda zotsatira zake zinalembedwa ndi mabungwe omwewo, choncho n'zofunika kuziwerenga mosamala, makamaka zikamawerenga ndime zolowa m'mapulani ngati kuti ndi ndalama zofika kumudzi.