Pepala lofiirira si umboni woti ndi lakale

Bodza ili lakhalitsa: akuti kapepala ka gulu la Dada, gulu la alembi ndi ojambula zithunzi lomwe linayambira ku Zurich mu 1916, kakafiirira n'kuyamba kuthetheka ndiye kuti n'kenikeni. Ayi ndithu. Pepala lotchipa lopangidwa kuchokera ku mitengo limafiirira msanga. Nyuzipepala yosiyidwa padzuwa imasintha mtundu m'masiku ochepa, ndipo akathyali amangoviika pepala latsopano mu tiyi.

Yang'anani inki ndi galasi lokulitsa ka 10. Timapepala tambiri ta nthawiyo tinkadindidwa ndi zilembo zachitsulo kapena zamatabwa, choncho inki imaunjikana m'mphepete mwa chilembo, ndipo nthawi zina kuseri kwa pepala kumamveka kotukuka pang'ono mukasisita ndi chala. Chilembo chakuda chikakhala chopangidwa ndi timadontho tamitundu inayi, n'chokopera chabe.

Kenako walitsani nyali ya UV (yonga ija yoyezera ndalama zachinyengo) mumdima. Pepala likawala buluu, lili ndi mankhwala oyeretsa omwe anafala cha m'ma 1950, choncho si la nthawi ya Dada. Komatu kusawala sikutsimikizira kanthu, poti mapepala ena amakono alibe mankhwalawo.

Musafalitse chithunzi cholembedwa kuti "chenicheni" musanafunse komwe pepalalo lakhala likusungidwa.