Kagalu kakafa, musathamangire kuloza aneba

Pa madandaulo onse amene amafika pa tebulo langa kuno ku Chipata, limene ndalimva kawirikawiri ndi ili: "Adokotala, galu wanga amuthira poizoni." Wonenayo amakhala atanyamula kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu m'katoni, kapena atakakulunga m'chitenje chakutha. Maso alowa m'kati, mchira wanyowa ndi chimbudzi cha magazi, ndipo fungo lake limafika m'chipinda mwini wake asanalowe. Wopalamula amakhala atapezeka kale. Ndi mayi a kuseri kwa mpanda aja amene nkhuku zawo zinathamangitsidwa sabata yatha, kapena mnyamata wa lendi uja amene sapereka moni.

M'nyengo yotentha chaka china, bambo wina wa ku Mchini anabwera ndi tiagalu tiwiri, kachitatu atakakwirira m'mawa womwewo. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga make wa tiagaluti ali bwanji?" Anati ali bwino, akudya. "Nanga galu wamkulu wa pa unyolo?" Nayenso ali gwa. Ndiye ndinawafunsa kuti ndi poizoni wamtundu wanji amene amasankha ana okhaokha n'kusiya akuluakulu odyera m'mbale yomweyo. Anakhala kaye duu, kenaka anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene dzulo lake anakalalatira mnzake pachabe.

Matendawo ndi parvo. Kachilombo kake kanadziwika m'chaka cha 1978, ndipo pasanapite zaka zambiri kanali katafika dziko lililonse kumene kuli agalu. Kamagwira kwambiri tiagalu ta pakati pa masabata 6 ndi miyezi 6. Kamalowera m'kamwa, n'kukhala masiku 3 mpaka 7 osaonetsa kanthu. Kenaka kamasenda m'kati mwa matumbo ngati mmene timasendera mbatata yophika, ndipo nthawi yomweyo kamaononga mafuta a m'mafupa, kumene kumapangidwa asilikali a m'thupi. Tsono matumbo asanduka chilonda, madzi akungotayika, tizilombo timene timakhala m'matumbo tikulowa m'magazi, koma wolimbana nato palibe. Chimene chimapha kagaluko kwenikweni ndi kutha kwa madzi m'thupi ndi kuvunda kwa magazi.

Tsiku loyamba kamangokana chakudya n'kukagona pakona. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya nthawi, amati kakhuta kapena kakuchita matama. Mawa lake kusanza kumayamba, kenaka kutsegula m'mimba kwa magazi konunkha kuja. Tsinani khungu la kumbuyo kwa khosi n'kulisiya. Likakhala chiimire osabwerera msanga, madzi atha. Kwezani mlomo muone nkhama. Zikakhala zotuwa ndi zouma, musadikire kuti kuche.

Mankhwala opha kachilombo ka parvo tilibe. Ntchito yathu ndi kugwiriziza moyo wa kagaluko mpaka thupi lake litadzimenyera lokha: dilipi, jakisoni woletsa kusanza, ndi mankhwala olimbana ndi tizilombo tolowa m'magazi tija, kwa masiku atatu, anayi, nthawi zina asanu. Timene tafika msanga, tambiri timachira. Timene tasiyidwa pakhomo kuti tione mmene kuchere, pafupifupi tonse timafa. Ngati muli kutali, kaya kumidzi ya ku Vubwi kapena kuseri kwa Chadiza, konzani madzi a shuga ndi mchere aja amene amayi amaphunzira ku sikelo: lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Muzikapatsa kasupuni kamodzi kamodzi pafupipafupi, osati kukatsanulira kukhosi. Zimenezi n'zapanjira pokha popita kwa dokotala wa ziweto. Kagalu kosanza chilichonse sikangachire ndi supuni.

Funso lotsatira limakhala lakuti, "Koma sikatuluka kunja kwa geti, kawatenga kuti?" Mwakabweretsera ndinu. Kachilomboka kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala ndipo kamakwera pa nsapato, pa matayala a njinga, pa manja a ana amene anakasewera ndi tiagalu ta kwa anzawo. N'kouma mutu kwambiri: m'dothi la pamthunzi kamatha kukhala miyezi yambiri, ngakhale chaka. Sopo wamba sakapha. Jik amakapha, kapu imodzi m'makapu 20 a madzi, mutayamba mwachotsa zonyansa zonse, n'kusiya mphindi 10 musanatsukuluze. Koma zimenezo zimatheka pa simenti ndi pa mbale, osati pa dothi la pabwalo. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona munthu amene kagalu kake kafa Lolemba, Loweruka wagula kena kuti ana asiye kulira. Kachiwiriko kamagona pomwe panagona koyamba, ndipo pakatha masiku khumi katoni ija yabweranso. Pakhomo pamene padutsa parvo, bweretsani galu amene wamaliza katemera wake yense, apo ayi dikirani.

Za katemera ndiyenera kufotokoza bwino, chifukwa ena amaganiza kuti timabwereza jakisoni pofuna ndalama. Kagalu kakabadwa, kamalandira chitetezo kuchokera mu mkaka woyamba wa make, wa tsiku loyamba lija. Chitetezo chobwerekachi chimatha pang'onopang'ono, kwa kena pa masabata 6, kwa kena mpaka masabata 14 kapena kupitirira, ngakhale tili ta mimba imodzi. Vuto n'lakuti chikadali m'thupi chimafafaniza katemera amene tabaya, ndipo ndi maso sitingadziwe tsiku limene chatha. Choncho timabaya koyamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha masabata 3 kapena 4 alionse mpaka kagalu katakwana masabata 16, kuti jakisoni mmodzi mwa amenewa apeze khomo lotseguka. Wogulitsa akakuuzani kuti "kanabayidwa kale", funsani kuti kangati, liti, ndipo muone khadi. Katemera amene ambiri amamutcha 5-in-1 amatetezanso ku distemper, matenda aja a mamina ndi manthongo amene pamapeto pake amagwedeza galu ngati wakhunyu.

Katemerayu ayenera kukhala m'firiji, pa madigiri 2 mpaka 8. Popeza magetsi amatha kuzima, funsani wogulitsa mmene amamusungira. Ndipo botolo limene layenda m'thumba la shati pa njinga, dzuwa la Okutobala lili pamutu, kuchokera m'tauni mpaka ku Navutika, musaliyese katemeranso.

Si kagalu kalikonse kotsegula m'mimba kamene kali ndi parvo. Njoka za m'mimba zimapha tambiri mwakachetechete. Anthu amadabwa ndikawauza kuti tiagalu tambiri timabadwa nazo kale: mtundu wina umadutsa kuchokera kwa make tili m'mimba, wina umadzera mu mkaka. Woyambawu ndi umene umatupitsa mimba ngati ng'oma pamene nthiti zikuwerengeka. Wachiwiriwu ndi tating'ono toluma matumbo n'kumamwa magazi, ndipo kagalu ka masabata atatu kangafe nato nkhama zitayera mbuu, chimbudzi chili chakuda ngati phula. Mankhwala a njoka amayamba pa masabata 2, kubwereza pa 4, pa 6 ndi pa 8, kenaka mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, ndipo galu wamkulu miyezi itatu iliyonse. Make nayenso amwe. Muyezo umatsata kulemera kwa galu, osati kuyerekeza ndi maso. Mazira a njokazi amakhala m'dothi momwe ana athu amakwawa ndi kuumba tinyumba, ndiye kuola chimbudzi cha galu tsiku ndi tsiku kumateteza mwana wanunso.

Mvula ikayamba mu Novembala, nkhupakupa zimachuluka, ndipo zimabweretsa malungo a agalu amene amaswa magazi: galu amafooka, nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, mkodzo umafiira ngati tiyi. Nyengo yomweyo timaona tiagalu todzaza timatuza tokhala ndi kabowo pakati. Zimenezo ndi mphutsi za ntchentche imene imaikira mazira mumchenga wonyowa ndi mkodzo. Pakani Vaseline pa kabowoko, mphutsi isowe mpweya, muifinye ituluke yonse, ndipo musinthe pogona. Abale a ku Mambwe ndi ku Mfuwe, amene agalu awo amalowa m'tchire la chigwa cha Luangwa, achenjere ndi galu amene maso ake achita mtambo n'kumaonda. Kumeneko ndi kwa kashembe, ntchentche imene imapatsa agalu matenda oterewa.

Tsopano tibwerere ku poizoni, chifukwa alipodi, kungoti kawirikawiri amachokera m'nyumba mwathu momwe. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno la Zambia atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku. Ife a kuno kum'mawa, alimi a chimanga ndi nsawawa, nkhaniyi ndi yathu. Tikamasankha mbewu, zofumbwa ndi zowola timaziika padera n'kunena kuti izi n'za agalu ndi nkhumba. Kuphika sikuchotsa poizoniyu. Amadya chiwindi, galu amachita chikasu, amasanza, amataya magazi, ndipo pofika kwa ife nthawi zambiri zinthu zimakhala zitaipa. Ufa kapena gaga amene inu simungadye chifukwa cha fungo la chuku, galu asadyenso.

Nsima payokha siipa, koma mkute ndi nkhoko zokhazokha sizingakuze kagalu. Kamafuna zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa. Kapenta wosinja, mutamuviika kaye kuti mchere uchepe, ndi wabwino kwambiri chifukwa amadyedwa ndi minga yake. Onjezani dzira lophika, zam'kati za nkhuku kapena za mbuzi zophika, soya wophika bwino, ndi masamba pang'ono monga chibwabwa. Kagalu kosakwana miyezi itatu kadye kanayi pa tsiku, mpaka miyezi 6 katatu, kenaka kawiri, ndipo madzi akumwa asasowe. Kasachoke kwa make kasanakwane masabata 8, ngakhale wogula akukakamiza. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati singano. Anyezi ndi adyo wambiri zimaononga magazi a galu, ndiye msuzi wotsala wa ndiwo zathu si wothira tsiku lililonse. Za kudyetsa galu tsabola kapena chamba kuti akhale wolusa, ndinene mosabisa: mukungomuzunza, ndipo amene adzalumidwe poyamba ndi mwana wa m'nyumba momwemo.

Poizoni wina ndi chifundo chathu. Brufen amaboola chifu cha galu ndi kuononga impso. Panadol wa muyezo wa munthu amapsereza chiwindi cha kagalu, ndipo mphaka ndiye amafa ndi m'bulu umodzi. Dibi wa ng'ombe wosungunulidwa mongoganizira wandibweretsera tiagalu tonjenjemera tosawerengeka. Oilo wakutha wa galimoto amene anthu amapaka galu wa mphere amatentha khungu, ndipo galuyo amamunyambita.

Nanga poizoni weniweni wa munthu woipa mtima amaoneka bwanji? Wa mtundu wa mankhwala a mbewu, amene akuba amaika mu nyama, sachedwa. Galu amene anali bwinobwino, pakangopita mphindi kapena maola ochepa, dovu lili chuchuchu, thupi likunjenjemera, akudzikodzera, kadontho kakuda ka m'diso kachepa ngati nsonga ya singano. Sasankha msinkhu, ndipo amayamba ndi galu wamkulu wosusuka amene analanda nyamayo. Mankhwala ake alipo ngati mwathamanga. Wa makoswe amabisala masiku atatu mpaka asanu, kenaka galu amayamba kutaya magazi, ndipo nayenso ali ndi mankhwala ake. Musamumwetse mafuta ophikira kapena mkaka. Tengani paketi ngati mwaipeza, mubwere nayo.

Pa galu wochucha dovu pali chenjezo limodzi limene sindilumpha. Musalowetse dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti fupa lamutsamwa. Chiwewe chimaonekanso choncho, ndipo si galu wachiwewe aliyense amene amalusa, wina amangofooka chibwano chili lende. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikayamba mwa munthu, kuchira kulibe. Walumidwa kapena malovu agwera pa bala, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo pitani kuchipatala, kaya ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete, kapena chapafupi ndi inu. Galu wanu abayidwe wa chiwewe pa miyezi itatu, kenaka chaka ndi chaka. Lamulo la agalu la Control of Dogs Act limafuna kuti agalu azibayidwa katemerayu, ndipo a ofesi ya zaziweto pa boma amabaya, makamaka nyengo ya 28 Seputembala, tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse. Walira mvula walira matope: mlonda wa miyendo inayi ali ndi khadi lake la katemera ngati mwana.

Pa tiagalu tiwiri ta bambo a ku Mchini tija, kamodzi kanafa usiku wachiwiri. Kachiwiriko kanayamba kunyambita phala pa tsiku lachisanu, ndipo tsiku lotsatira kanandiluma chala pochotsa dilipi, chizindikiro chimene ife timachikonda. Pobwera kudzakatenga, bambowo anaima pakhomo akupotokola chipewa, n'kunena kuti, "Adokotala, mungandilembere kakalata kosonyeza kuti anali matenda? Pali mayi ena amene ndikufuna ndikawaonetse." Ndinawalembera, n'kudindapo chidindo.