Jet ski pa nyanja yathu: ngozi zake, chithandizo choyamba ndi za malamulo

Pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, komanso pa Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka, magombe a Senga Bay, Mangochi, Cape Maclear ndi Nkhata Bay amadzaza mpaka kusowa poponda. M'malo ena ogona alendo mumakhala njinga zamoto zapamadzi, zimene ambiri timangoti jet ski. Munthu amalipira za mphindi zochepa, amamuonetsa polizira ndi popatsira moto, basi wanyamuka. Nthawi zambiri amakhala kuti ndi koyamba kuigwira, ndipo m'madzi momwemo muli ana akusambira, amayi akutsuka mbale ndi asodzi akubwera ndi bwato.

Uthenga uno ndi wa okwera, makolo, eni malo obwereketsa njingazi, ndiponso anthu a m'mphepete mwa nyanja amene sakwera koma ndiwo amagundidwa.

Ukasiya moto, chiwongolero chafa

Ichi ndicho chinthu chachikulu kuposa zonse mu uthenga uno. Jet ski ilibe chopalasira chakunja ngati cha boti ya injini. Imayamwa madzi kunsi kwake n'kuwalavula mwamphamvu kumbuyo kudzera pa kapaipi. Mukakhotetsa mahandulo, kapaipi kaja ndi kamene kamatembenuka, ndipo mphamvu ya madzi otulukawo ndiyo imakhotetsa njinga. Madzi akasiya kutuluka, mahandulo amangotembenuka pachabe.

Tiyerekeze mnyamata amene anazolowera njinga ya kabaza. Akubwerera kugombe ali pa liwiro, mwadzidzidzi waona timitu tiwiri ta ana patsogolo pake. Dzanja lake lichita zimene linazolowera pamsewu: asiya moto, akhotetsera kumanja. Njinga ija siikhota ayi. Ingotsetsereka molunjika komwe inkapita, kwa ana aja. Kuti awazembe anayenera kukhotetsa akupatsabe moto, chinthu chimene thupi limakana munthu akachita mantha, pokhapokha ataphunzitsidwa n'kuyeserera pa madzi opanda anthu.

Za mabuleki n'chimodzimodzi. Njinga zakale zilibiretu. Kampani yopanga jet ski za mtundu wa Sea-Doo inayamba kuika mabuleki mu 2009, ndipo ena anatsatira pambuyo pake, koma zina zimene zimafika kuno n'zogwiritsidwa kale ntchito, choncho funsani musanakwere. Yopanda mabuleki ikakhala pa liwiro lonse imatha kuyenda mamita pafupifupi 100 isanaime, kutalika kwa bwalo la mpira. Zamphamvu zimafika makilomita 100 pa ola, kutanthauza mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, ndipo kulemera kwake kumaposa makilogalamu 200, zina mpaka 400. Imeneyi si chidole.

Mmene anthu amavulalira

Pa ngozi za mabwato ambiri, chimene chimapha anthu ndi kumira. Pa jet ski n'zosiyana. Bungwe la boma la America lofufuza ngozi za pa maulendo, NTSB, linapeza mu 1998 kuti pa njingazi ambiri amafa chifukwa chomenyetseka: kuombana ndi njinga inzake, boti, mwala, kapena doko. Wokwera alibe chomutchinga chilichonse. Nkhope imamenya mahandulo, mutu umamenya chimene wagundacho, miyendo ndi nthiti zimathyoka, ndipo chiwindi kapena kapamba zimatha kung'ambika mkati munthu akuoneka bwinobwino kunja.

Msana nawo umavulala kwambiri, makamaka kwa okonda kudumpha mafunde. Njinga ikauluka n'kutera mwamphamvu, thupi lonse limakhalira pa mafupa a m'chiuno ndi a msana, ndipo amatha kuphwanyika ngakhale munthu sanagwe. Nyengo ya mwera, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imasintha nkhope m'kanthawi kochepa. Asodzi akakoka mabwato awo kumtunda, inu musaganize kuti injini ikupulumutsani.

Pali kuvulala kwina kumene anthu sakamba chifukwa cha manyazi, ndiye tikambe pano. Wokwera kumbuyo akagwa chagada pamene woyendetsa wapatsa moto, amagwera pomwe pakutulukira madzi paja. Madziwo amalowa mwamphamvu kotulukira chimbudzi, kapena kumaliseche kwa amayi ndi atsikana, n'kung'amba mkati, nthawi zina mpaka matumbo. Kabudula wopyapyala, zovala zosambirira wamba kapena chitenje sizitchinga kanthu. Opanga njingazi amalemba chenjezo pa njinga pomwepo kuti aliyense avale kabudula wokhuthala wothina wa mtundu wa wetsuit. Munthu amene wagwa chotere n'kuona magazi kumusi, kapena kumva kupweteka m'mimba, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo afotokoze mosabisa mmene anagwera. Bala la m'matumbo likagonera, chimbudzi chimatayikira m'mimba, ndipo zimenezo zimapha. Anamwino aona zambiri, palibe chimene angadabwe nacho.

Kunsi kwa njinga, pamene pamalowera madzi, pamakoka chilichonse cholendewera: tsitsi lalitali loluka, mpango, chitenje, zingwe za jekete. Mangani tsitsi, ndipo musayandikire kunsi kapena kumbuyo injini ikulira.

Musanalize injini

Valani jekete yoyandamitsa, yokukwanani, ndipo mumange malamba onse. Kudziwa kusambira si chifukwa chosavalira, pakuti munthu amene wamenyetsa mutu n'kukomoka sasambira. Mwana amafunika jekete ya msinkhu wake. Yaikulu imavuka iye akangogwera m'madzi. Mwana amene mapazi ake safika popondera asakwere, ndipo asakhale kutsogolo kwa woyendetsa, chifukwa njinga ikagunda kanthu amapanikizika pakati pa munthu wamkulu ndi mahandulo.

Njinga iliyonse ili ndi kachingwe kozimitsira injini. Mbali ina imakolekedwa pa njinga, ina pa dzanja lanu kapena pa jekete. Mukagwa kamasololoka, injini n'kuzima. Obwereketsa ena amangokakulunga pa mahandulo kuti kasatayike. Mukaona zotero musakwere, chifukwa mukagwa njingayo ipitirira yokha.

Mowa ndi chamba zimachedwetsa maganizo, ndipo dzuwa la kunyanja limawonjezera kuledzera. Amene wamwa akhale pamchenga. Izi zikukhudzanso wokwera kumbuyo, chifukwa woledzera sagwiritsa.

Pochoka ndi pobwera kugombe yendani pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi, mpaka mutapitirira onse osambira. Musatsatire njinga inzanu kumbuyo kwenikweni. Mnzanuyo akagwa, mumuponda. Masewera othamangira anthu n'cholinga chowathira madzi ndiwo avulaza ambiri, pa chifukwa chomwe tafotokoza chija. Talikirani mabwato, maukonde ndi zoyandama zake, komanso malo a bango ndi kumathiriro a mitsinje kumene kumakhala mvuu ndi ng'ona. Ku Cape Maclear ndi zilumba zake ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo kumeneko anthu ambiri amasambira chafufumimba akuonera nsomba za mbuna. Mutu wa munthu wotere suoneka msanga. Dzuwa likalowa musayende. Njingazi sizikhala ndi nyali, ndipo ndi nthawi imene asodzi a usipa amalowa m'madzi.

Ngozi ikachitika

Zimitsani injini musanayandikire munthu amene ali m'madzi. Ngati wagwa chafufumimba, mutembenuzeni nkhope iyang'ane kumwamba, mutagwira mutu ndi khosi kuti ziyendere limodzi ndi thupi. Aliyense amene wagundidwa kapena wagwa pa liwiro mumutenge ngati wathyoka khosi kufikira achipatala atanena kuti ayi. Pomutulutsa m'madzi mugonekeni pa chinthu cholimba, thabwa kapena chitseko, anthu angapo akunyamula pamodzi, mmodzi atagwira mutu. Musamunyamule wina manja wina miyendo, musamubereke, ndipo musamukhazike pa njinga ya kabaza.

Ngati sakupuma, musataye nthawi ndi kumutembenuza chadodolido kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke. Anthu ambiri amachita zimenezi ndi mtima wabwino, koma zimangomusanzitsa, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Chimene akusowa ndi mpweya. Mugonekeni chagada pamalo olimba, kwezani chibwano, tsinani mphuno, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu mukuona chifuwa chikukwera. Kenako kanikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira maulendo 30, muuzireninso kawiri, n'kumabwereza choncho mosalekeza mpaka ayambe kupuma kapena achipatala afike. Mukatopa sinthanani. Ngati akupuma koma sakudzuka, mugonekeni cham'mbali mutu ndi msana zili mowongoka, muvuleni zonyowa, mumufunditse.

Pa bala lotuluka magazi kanikizani ndi nsalu yoyera osasiya. Musathirepo mchenga, mafuta a injini kapena mankhwala azitsamba. Fupa lothyoka musaliwongole. Limangirireni ku kamtengo monga liliri. Wovulala musamupatse chakudya, madzi kapena mowa, chifukwa mwina afunika opaleshoni.

Pali anthu amene amadzuka n'kunena kuti ali bwino. Ngati anamwa madzi, anakomoka ngakhale pang'ono, kapena anamenyetsa mutu, apitebe kuchipatala. Mapapo amatha kuyamba kuvuta patapita maola angapo, ndipo magazi otayikira m'mutu kapena m'mimba sachita phokoso. Thamangani nayeni mukaona kutsokomola kosalekeza, kupuma mobanika, kusanza, mutu wopweteka mowonjezereka, tulo tosadzutsika, kulankhula zosokonekera, dzanzi m'manja kapena m'miyendo, mimba youma ndi yopweteka, kapena magazi mumkodzo. Yambirani chipatala chapafupi, monga cha boma ku Mangochi, Monkey Bay, Salima kapena Nkhata Bay. Zovulala za mutu ndi msana amazitumiza kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo umenewo ndi ulendo wa maola. N'chifukwa chake kuchedwa pagombe mukukangana za amene walakwa kumadya nthawi imene wodwala alibe. Kumbukirani kufunsa za katemera wa kafumbata ngati pali bala.

Mlandu ndi wa yani?

Anthu ena amaganiza kuti pamadzi palibe lamulo popeza palibe apolisi a pamsewu. Lilipo. Zombo ndi maboti a pa nyanja za Malawi zimayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Marine pansi pa lamulo la Inland Waters Shipping Act, ndipo apolisi ali ndi nthambi yawo ya pamadzi. Kuyendetsa chombo mosasamala mpaka kuika moyo wa anthu pa chiswe ndi mlandu, ndipo munthu akafa, woyendetsayo angathe kuzengedwa mlandu wopha munthu mosakonzekera. Kunena kuti munali mlendo kapena kuti kanali koyamba sikuchotsa mlandu.

Kupatula mlandu wa boma, wovulala kapena banja la womwalira angathe kukasuma kukhoti kuti alandire chipukuta misozi. Apa woyankha si woyendetsa yekha. Mwini njinga amene wabwereketsa kwa mwana, kwa woledzera, kapena popanda jekete ndi malangizo, kapenanso njinga yoti akudziwa kuti ndi yowonongeka, nayenso angapezeke wolakwa. Ngati amene anagunda munthu ndi wantchito wa pamalopo ali pa ntchito yake, bwana wake amayankha nawo. Wantchito amene wavulala pa ntchitoyo ali ndi ufulu wa chipukuta misozi pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act, choncho ngoziyo ikanenedwe ku ofesi ya zantchito ya m'bomalo.

Pepala limene amakusainitsani musanakwere muliwerenge. Nthawi zambiri limati njinga ikawonongeka mulipira ndinu, ndipo mtengo wake ndi wa galimoto. Funsani ngati ili ndi inshuwalansi yolipira anthu ena ovulazidwa. Inshuwalansi ya galimoto yanu siifika pamadzi. Koma dziwani kuti pepalalo silimanga mwana wa pagombe amene wagundidwa, poti iye sanasaine kanthu, ndipo silitchinga mlandu wa kupolisi.

Kwa abale amene ali kunja: ku South Africa, kumene ambiri amakacheza ku Vaal Dam ndi Hartbeespoort, woyendetsa chombo cha injini ya mphamvu zoposa mahosipawa 15 amafunika satifiketi yoyendetsera boti yovomerezedwa ndi SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamadzi, ndipo jet ski ili m'gulu limenelo. Ku Britain, khoti la apilo linagamula mu 2005 kuti jet ski si sitima, zimene zinasiya mpata m'malamulo kwa zaka zambiri. Mpatawo unatsekedwa pa 31 Malichi 2023, ndipo tsopano woyendetsa moopsa angathe kukhala kundende mpaka zaka ziwiri.

Ngati ndinu amene mwagunda munthu, musathawe. Thandizani wovulala, ndipo mukadzinenere nokha kupolisi. Ngati wovulala ndi wanu, lembani tsiku, nthawi, dzina la malowo ndi mayina a mboni, jambulani njingayo ndi foni, tengani lipoti la kupolisi ndi la kuchipatala, ndipo sungani malisiti onse, ngakhale a thiransipoti. Nthawi zambiri mwini malo amabwera msanga ndi ndalama ya chipepeso kuti nkhani ithere pomwepo. Kulandira thandizo la mayendedwe si kulakwa, koma musasaine pepala lonena kuti nkhani yatha madokotala asananene kukula kwa vutolo, chifukwa kuvulala kwa msana kumadziwika bwino patapita miyezi. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Milandu ya chipukuta misozi pa kuvulala ili ndi malire a zaka zitatu kuchokera tsiku la ngozi, choncho mapepala aja asagone m'chikwama.