Piriton, ma gene a histamine ndi khansa: mafunso ndi mayankho

Abale anga a kuno kuchigwa, pali uthenga ukuzungulira pa WhatsApp woti akatswiri apeza kuti Piriton amapha khansa, ena mpaka ayamba kugulira odwala awo timapilisi pa golosale. Lamulo la kuchipatala silinasinthe: wodwala khansa asamwe mankhwala ena aliwonse adokotala osadziwa, ndipo asasiye chithandizo chomwe anamuyambitsa.

Piriton amalimbana ndi histamine, kodi histamine wakeyo ndi chani?

Ndi mankhwala omwe thupi limapanga lokha. Njuchi ikakuluma pamalopo nkutupa nkumayabwa, kapena fumbi la mu Okutobala likakuyetsemulitsa mpaka misozi, ndi iyeyo. Henry Dale ndi Patrick Laidlaw ndi omwe anafotokoza ntchito yake ku England mu 1910. Kuti agwire ntchito amayenera akakhale pamalo pake pa selo, ngati kiyi mu loko, malo amenewo ndi omwe amati ma receptor ndipo alipo anayi. H1 ndi wa ziwengo, ndi amene Piriton ndi cetirizine amatseka. H2 ndi wa asidi wam'mimba, cimetidine amatseka ameneyu. H3 ali kwambiri mu ubongo, H4 m'maselo a chitetezo. Aliyense ali ndi gene yake, kutanthauza malangizo a m'selo opangira receptor ameneyo: HRH1, HRH2, HRH3 ndi HRH4.

Nanga khansa ikulowamo bwanji?

Apa mpomwe pagona nkhani. Chotupa cha khansa sichikhala chokha, chimazunguliridwa ndi maselo a chitetezo ndipo ena mwa iwo ali ndi ma receptor amenewa. Ofufuza amayeza kuti gene ikugwira ntchito mwamphamvu bwanji m'chotupamo, kenako nkuona kuti odwalawo zinawathera bwanji, cholinga nkudziwiratu mmene matenda angayendere. Mu 2022 a ku MD Anderson, ku Houston, anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti HRH1 ikachuluka pa maselo otchedwa macrophage, maselowo amafooketsa ma T cell omwe amayenera kupha khansa, ndiye chotupa chimangokula osasokonezedwa. Atayang'ana m'mafayilo a odwala khansa ya pakhungu ndi ya m'mapapo omwe ankalandira immunotherapy, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa, anapeza kuti omwe ankamwanso mankhwala otseka H1 anakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo.

Ndiye uthenga uja sunachoke kumwamba ayi. Koma taonani, anthuwo ankalandira immunotherapy, mankhwala odula kwambiri osiyana ndi kemo wamba, ndipo kuwerenga mafayilo akale sikutsimikiza kuti mapilisi aziwengowo ndi amene anawathandiza. Komanso ma receptor sakokera mbali imodzi, mu labu H4 anaoneka kuti akuchepetsa kukula kwa maselo ena a khansa ya m'mawere.

Ndiye Piriton ndimwe kapena ayi?

Wa ziwengo imwani, wa khansa ayi. Mwina munaonapo anamwino akupereka mankhwala a ziwengo asanaike dilipu ya kemo, amatero kuti thupi lisadane ndi kemoyo basi. Cimetidine ndiye samalani naye kwambiri, amachedwetsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi ndiye amatha kuunjikana nkukupwetekani. Mnzake ranitidine anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi NDMA, poizoni yemwe angayambitse khansa, ngati muli naye wakale m'chikwama tayani.

Ndingayezetse ma gene amenewa ku Chikwawa kapena ku Nsanje?

Ayi, ndipo musadandaule, ngakhale kunja zikadali za kafukufuku. Adokotala amaona mtundu wa khansa akadula kachidutswa nkukayeza, amaona ngati yafalikira, komanso mphamvu za wodwalayo. Pa zonsezi chomwe chili m'manja mwathu ndi nthawi yofikira kuchipatala, ndipo zimandiwawa kuti ambiri timafika ku Queens matenda atakhwima kale, miyezi itathera kwa asing'anga ndi pa mapanado.

Ndiyambire pati tsono?

Pa chipatala chapafupi, kaya ku Ngabu, ku Montfort ku Nchalo, ku Trinity ku Muona kapena ku health centre yakwanu, iwo akutumizani kuchipatala cha boma, kukafunika akulemberani kalata yokwera nayo ku Blantyre. Amayi, kuyezetsa khomo la chiberekero ndi viniga uja nkwaulere m'zipatala za boma, ndipo omwe ali pa ma ARV asamaphonye chifukwa khansa imeneyi imawagwira kwambiri. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, anayamba dziko lonse mu 2019, atsikana athu abayitse. Azibambo, nsima ikayamba kukakamira pam'mero osangoti ndizimwa phala, pitani kuchipatala chifukwa itha kukhala khansa ya pam'mero. Ndipo ife a m'mbali mwa Shire ndi ku Elephant Marsh, kukodza magazi tisakuzolowere, likodzo la zaka zambiri limabweretsa khansa ya chikhodzodzo pomwe mankhwala a likodzo, praziquantel, alipo.

Popita tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mankhwala onse omwe mukumwa, a pagolosale ndi azitsamba omwe, muwaonetse adokotala.