Colt yakale: mukufuna yowombera kapena yosunga?

Munthu akandionetsa chithunzi cha mfuti ya revolver yakale (mfuti yam'manja yokhala ndi silinda, chitsulo chozungulira chokhala ndi mabowo a zipolopolo) n'kufunsa ngati mtengo wake uli bwino, ndimayamba ndamufunsa chimene akufuna kukachita nayo. Ambiri amaona ngati ndikuzemba funso. Koma pa mfuti zamtundu umenewu, zimene zimakweza mtengo nthawi zambiri n'zomwenso zimachititsa kuti mfutiyo isakhale yabwino kuwombera.

Mfuti tikunenazi ndi za single action, zomwe umakoka hamala (kachitsulo ka kumbuyo komenya chipolopolo) ndi chala chachikulu nthawi iliyonse usanawombe, ndipo zipolopolo umalowetsa chimodzichimodzi pa kachitseko ka mbali ya kumanja. Yotchuka kuposa zonse ndi Colt Single Action Army, imene asilikali a America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1873. Inkapangidwa ku Hartford, m'chigawo cha Connecticut. Kampani ya Colt inasiya kuipanga nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba, koma mafilimu a makauboyi atadzutsa chilakolako cha anthu, inayambiranso mu 1956, kenako inasinthako zina mu 1976. Choncho mfuti zitatu zooneka zofanana patebulo la wogulitsa zikhoza kusiyana zaka 100, ndipo mitengo yake imasiyana kutalitali.

Chaka chimene inapangidwa si nkhani ya mtengo wokha. Zoyambirira zinapangidwira wonga wakuda, uja wofuka utsi wambiri, ndipo Colt anayamba kutsimikizira mfuti zake pa wonga wamakono cha m'ma 1900. Kuika chipolopolo cha lero mu mfuti ya m'ma 1880 chifukwa chakuti chalowa bwinobwino n'kuputa ngozi: chitsulo cha nthawi imeneyo n'chofewerapo, ndipo silinda ikhoza kung'ambika muli chigwirire. Wonga wakudawo umasiyanso zotsalira zokoka chinyezi, n'chifukwa chake mipope yambiri yakale ili ndi timaenje ta dzimbiri m'kati.

Ngati mukugulira kusunga, musakopeke ndi kunyezimira. Mfuti ya zaka 130 yowala ngati yatuluka dzulo m'fakitale ili ngati galimoto yakale yopentedwa kumene pa msika: muyenera kufunsa chimene penti ikubisa. Aliyense amene anaipukuta ndi makina n'kuipakanso mtundu anadya mtengo wake. Mungazindikire poona zilembo zolembedwa pa mpope, zomwe zimaoneka zofufutika, ndi m'mbali mwa chitsulo momwe munayenera kukhala mwakuthwa koma mwasalala. Osunga mfuti amalipira zambiri pa yothimbirira imene sinakhudzidwe. Onaninso manambala. Pa Colt zakale nambala imodzimodziyo imapezeka pa thupi la mfuti, pa chitsulo chotchinga trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ndi pa chitsulo cha kumbuyo kwa chogwirira. Akasiyana, ndiye kuti wina analumikiza zidutswa za mfuti zingapo. Colt amasunga mabuku ake akale, ndipo mukalipira amakulemberani kalata yonena tsiku limene mfutiyo inatumizidwa, kumene inapita ndi kutalika kwa mpope wake. Wogulitsa akamakamba nkhani yokoma yakuti inali ya msilikali wakutiwakuti koma kalata palibe, lipirani mtengo wa mfuti, nkhaniyo muisiye kwa iye.

Kaya ndi yosunga kapena yowombera, igwireni m'manja. Mukatsimikiza nokha kuti mulibe chipolopolo, kokani hamala pang'onopang'ono. Colt yabwino imamveka kuti 'kiliki' kanayi, ndipo silinda iyenera kukhala itakhoma pamalo pake hamala isanafike kumapeto kapena pomwe ikufika. Chitani zimenezi pa mabowo onse 6, chifukwa limodzi lokha likhoza kukhala lolakwika. Kenako gwedezani silinda cham'mbali komanso kutsogolo ndi kumbuyo. Kusuntha pang'ono kulibe kanthu, koma ikamagwedera ndiye kuti bowo silikulunjika bwino pa mpope, ndipo mfuti yotere imalavula tizidutswa ta mtovu m'mbali. Mitu ya masikuluwu ikakhala yophwanyika, dziwani kuti panadutsa munthu wopanda zida zoyenera. Ndipo ngati hamala itayimitsidwa ikugwa mukangoikankha ndi chala, mano ake anatha, mwina chifukwa cha anthu otengera za m'mafilimu omenya hamala ndi chikhatho.

Pali chinthu china chimene wogula aliyense ayenera kuvomereza. Mfuti za kapangidwe kakale zikagwa pansi hamala ili pa chipolopolo, zimatha kulira zokha. N'chifukwa chake odziwa amaika zipolopolo 5 zokha, hamala n'kuigoneka pa bowo lopanda kanthu. Kampani ya Ruger, imene inatulutsa Single-Six mu 1953 ndi Blackhawk mu 1955, inathetsa vutoli mu 1973 poika kachitsulo kamene kamakwera pakati pa hamala ndi chipolopolo pokhapokha trigger yakokedwa, moti kachitsuloko kasanakwere hamala singawombe chipolopolo. Ruger zakale zimadziwika ndi masikuluwu atatu m'mbali, ndipo kampaniyo imaziikira kachitsuloko kwaulere.

Kwa munthu wofuna kuwombera Loweruka lililonse, ine ndimati agule Ruger ya pambuyo pa 1973, kapena zofanizira Colt za ku Italy zopangidwa ndi kampani ya Uberti kapena ya Pietta. Zida zake zimapezeka, ndipo ikakandika simulira. Colt yoyambirira kuiwombera kawirikawiri n'kuiwononga, ndipo kuikonza ndi zida zatsopano kumatsitsanso mtengo womwe munaigulira.

Msika wa mfuti zimenezi uli makamaka ku America, kumene lamulo la boma lalikulu limaona zopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake ngati zinthu zamakedzana. Musaganize kuti lamulolo limakutsatirani kwina. Ku Britain mfuti zambiri zam'manja zinaletsedwa mu 1997, ku South Africa muyenera kupeza kaye satifiketi yosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, ndipo ku Malawi kukhala ndi mfuti popanda chiphaso ndi mlandu. Pitani kupolisi mukafunse za chiphaso musanapereke ndalama iliyonse kwa wogulitsa.