Munthu wovulala msana amafunitsitsa chiyani?

Munthu akavulala msana pa ngozi ya galimoto, ya kabaza kapena atagwa mumtengo, achibale amafunsa chinthu chimodzi: "Adokotala, adzayendanso?" Mwiniwakeyo akakhala kumudzi miyezi ingapo, nkhawa zake zimakhala kwina. Mu 2004, wofufuza wina wa ku America, Kim Anderson, anafunsa anthu 681 ovulala msana chimene amalakalaka chitabwerera. Amene anafooka manja ndi miyendo yomwe anati manja. Amene anafooka miyendo yokha anaika patsogolo za kuchipinda. Magulu onse awiri anatchulanso kwambiri za mkodzo ndi chimbudzi.

Tiyambe ndi chimbudzi, chifukwa ulemu wa munthu umathera pamenepo. Chimbudzi chokumba cha masiku onse chimafuna kunjuta, ndipo khomo lake ndi lopapatiza. Munthu wamkulu, bambo wa ana, amayamba kumwa madzi pang'ono kuti asamavutitse omunyamula. Zimenezi n'zoopsa: mkodzo umakhala wochepa ndi wolimba, tizilombo timaswana m'chikhodzodzo, matenda nkukafika ku impso. Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Khomo likhale la masentimita 90, chitseko chitsegukire kunja. Pamwamba pa dzenje pamangidwe mpando wa njerwa kapena wa matabwa wolingana msinkhu ndi wilitcheya, masentimita pafupifupi 45, ndi mtengo wogwirira wozikika bwino pambali pake. Ngati pali khwerero, masentimita 10 aliwonse a msinkhu wake amafuna kamtunda kotsetsereka ka masentimita 120. Amisiri ambiri amakafupikitsa kuti asunge simenti, ndiye munthu sangakwere yekha, kapena wilitcheya imagadabuka chagada. Amene amatulutsa mkodzo ndi kapaipi azichita zimenezi pa maola 4 mpaka 6 aliwonse, atasamba m'manja ndi sopo.

Kenako khungu. Pa malo a thupi amene munthu samva kukhudza, magazi akatsekeka chifukwa chokhala kapena kugona malo amodzi, mnofu umafa mosapweteka. Akakhala pa wilitcheya azidzitukula kapena kuweramira kutsogolo mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, ndipo pogona azitembenuzidwa maola 2 aliwonse. M'mawa ndi madzulo aone matako, m'chiuno ndi zidendene ndi kagalasi. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho mufunefune malo othimbirira, otentha kapena olimba. Mukawapeza, asakhalirenso pamenepo mpaka atabwerera mwakale. Wilitcheya yolandira pa mwambo wa mphatso, yopanda khushoni ndiponso yosayeza munthuyo, imabweretsa zilonda zomwe zingamugoneke miyezi yambiri. Ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre ndi kwa a fizo (akatswiri othandiza odwala kulimbitsa thupi) m'zipatala zikuluzikulu n'kumene mungafunse za wilitcheya yoyenera.

Za kuchipinda ambiri amachita nazo manyazi kufunsa, koma mabanja amagwedezeka pamenepa. Mayi wovulala msana amatha kutenga pakati, ndiye kulera ndi sikelo zimamukhudza ngati wina aliyense.

Ndalama nazo n'zofunika kwambiri. Mtukula Pakhomo amathandiza mabanja ena osaukitsitsa, koma anthu aulumali ambiri amafuna ntchito yawoyawo: kusoka, kukonza mafoni, okala, kulowa banki m'khonde. Gulu la banki m'khonde likamakumana pakhonde lokhala ndi makwerero, lamutsekera kale panja, ngakhale atakhala ndi masheya ake m'manja. Musankhe malo a fulati, ndipo pokambirana za ndalama zake muzilankhula ndi iyeyo, osati ndi amene akukankha wilitcheya.