Wophunzira speech therapy akajomba kapena kunama, amene amapwetekedwa ndani?

Makolo ambiri amene ana awo akuphunzira ntchito yothandiza anthu ovutika kulankhula, ija ya speech therapy, amadabwa ndi kuuma kwa malamulo athu. Mwana wakhoza bwino mayeso olemba, koma akuuzidwa kuti abwereze maphunziro a m'chipatala chifukwa anajomba masiku angapo, kapena chifukwa siginecha ina m'buku lake la maola siikuoneka ngati ya womuyang'anira. Funso lawo limakhala lakuti, kodi kuphunzitsa munthu kulankhula n'kofika pamenepa? Ine amene ndimayang'anira ophunzira otere m'mawodi ndikuti n'kofikadi, ndipo chifukwa chachikulu chagona pa kumeza.

Anthu ambiri sadziwa kuti minofu ya m'kamwa ndi pakhosi imene timalankhulira ndi yomweyo timamezera. N'chifukwa chake munthu akadwala sitiroko, ife ndi amene timaitanidwa kudzaona ngati angadye. Timamupatsa madzi pang'ono pa supuni, kenako phala, n'kumamvetsera. Kodi akutsokomola? Mawu ake asintha, akumveka ngati muli madzi pakhosi? Maso alengeza misozi? Mpweya ukubanika? Choopsa n'chakuti odwala ena chakudya chimalowerera kunjira ya mpweya iwo osatsokomola n'komwe. Pakapita masiku thupi latentha, chibayo chawagwira.

Tsono taganizani wophunzira amene wachedwa, wapeza agogo akugona, ndipo poopa kukalipiridwa walemba mufayilo kuti "amameza bwino". Anesi amakhulupirira zolembedwazo. Akukhitchini amatumiza nsima ndi nyama. Mwana wa agogowo amawamwetsa maheu atagona chagada. Palibe amene adzabwerere kukafunsa ngati supuni inalowadi m'kamwa tsiku limenelo. Wophunzira amene amakopera ntchito ya mnzake m'kalasi, kapena kuuza pulogalamu ya pakompyuta ya ChatGPT kuti imulembere lipoti la wodwala amene sanamuone, akudzizoloweretsa khalidwe lomweli. Timalidula likadali papepala la mayeso.

Kunena zoona, ine sindidana ndi makompyuta. Wophunzira akafuna kuti amulongosolere zimene dokotala wa ku France, Paul Broca, anapeza mu 1861, zoti mbali ina ya kumanzere kwa ubongo ikawonongeka munthu amalephera kutulutsa mawu, afunse kumene akufuna. Koma pa ntchito yoti apatsidwe malikisi azitchula kumene watenga mfundo, ndipo zokhudza wodwala zizichokera m'maso ndi m'makutu mwake.

Pali bodza linanso losaonekera msanga, limene limatikhudza ife a Chichewa kuno ku Harare. Zida zambiri zoyezera kalankhulidwe ka ana zinapangidwira ana olankhula Chingerezi ku Britain ndi ku America. Mwana wa ku Mabvuku, dera la muno mu Harare, amamva Chichewa kwa agogo, Chishona pamsewu, Chingerezi kusukulu. M'Chichewa l ndi r amalowana m'malo popanda kusintha tanthauzo, pamene Chishona chimadalira r. Wophunzira waulesi amangowerengera malikisi monga mmene buku lanenera, n'kulemba kuti mwanayo ali ndi vuto la katchulidwe, chonsecho akungolankhula ngati kwawo. Wachilungamo amalemba kuti chida chimene wagwiritsa ntchito sichinapangidwire mwana ameneyu, n'kupempha mayi ake kuti acheze naye m'chinenero cha pakhomo iye akumvetsera. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza zinenero 16, Chichewa ndi chinenero chamanja zili momwemo, ndiye palibe chochitira manyazi. Kumva zinenero zingapo sikuchedwetsa mwana kulankhula. Timayembekezerabe mawu oyamba akamakwanitsa chaka, ndi kulumikiza mawu awiri akamafika zaka ziwiri.

Za kujomba ndiye zimene timakangana kwambiri ndi makolo. Ntchito ino siiphunziridwa pomva. Ku America bungwe la akatswiri a ntchitoyi lotchedwa ASHA limafuna maola 400 a m'chipatala moyang'aniridwa, 25 ongoonerera ndipo 375 ogwira ntchito mwachindunji ndi odwala, munthu asanalandire satifiketi yawo. Mayiko amasiyana pa chiwerengero, koma kulikonse ola limalembedwa ndipo woyang'anira amasainira. Kusaina m'malo mwa woyang'anira ndi mlandu woti munthu akhoza kuchotsedwa nawo sukulu, ngakhale ali m'chaka chomaliza.

Komanso kumbuyo kwa ola lililonse kuli munthu. Mayi wadzuka m'mamawa ku Epworth kapena ku Chitungwiza, kunja kwa mzinda wa Harare, wabereka mwana wobadwa ndi m'kamwa mong'ambika, wakwera makombi awiri, tebulo lake la tomato walisiya m'manja mwa mnzake. Akafika n'kumva kuti amene amaona mwanayo sanabwere, kawirikawiri sakwiya. Amangothokoza, n'kupita, ndipo mwezi wotsatira saonekanso. Kwa wodwala sitiroko, miyezi yoyambirira ndi imene ubongo umachira mofulumira, choncho sabata yotayika panthawi imeneyo ndi yaikulu.

Nanga maliro? Ife kwathu maliro sathawidwa, ndipo ena amafunika ulendo wa ku Malawi wodzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Palibe woyang'anira wanzeru amene angaletse mwana kukaika bambo ake. Chimene timafuna ndi foni isanakwane nthawi ya wodwala woyamba, kuti tiuze mabanja kapena tipeze wogwirizira, ndiponso kuti maolawo adzabwezedwe. Kungozimitsa foni n'kudzatulukira Lolemba ndi nkhani yamaliro, pamenepo ndiye timalemba kuti wajomba.

Zovala ndi zikhadabo sindichedwapo. Zala zathu zimalowa m'kamwa mwa anthu, ndiye zikhadabo zikhale zazifupi, manja osamba, magolovesi ovala. Chimene ndimayang'anitsitsa ndi ulemu. Bambo amene sitiroko yawalanda mawu sanasanduke mwana. Nzeru zawo zilipo, ambiri amamva zimene zikukambidwa. Wophunzira aziwapatsa moni iwowo, "Mwadzuka bwanji, bambo?", n'kudikira yankho ngakhale litenge nthawi, osati kufunsa mayi a kunyumba pamutu pawo kuti "adya kale?" Ndi munthu wachibwibwi chimodzimodzi, sitimumalizira mawu.

Chinsinsi cha wodwala ndi nkhani ina yovuta kwa ife chifukwa tilipo ochepa ndipo timadziwana. Amene wamuona Lachisanu m'wodi, Lamulungu mukumana naye ku CCAP kapena pamsonkhano wa bungwe lamaliro. Kavidiyo ka mwana amene watchula "amama" koyamba n'kosangalatsa, koma kakangolowa pa WhatsApp kapena pa Facebook sikabwezeka, ndipo lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limateteza mwapadera nkhani za umoyo wa munthu. Inu makolo, mwana akabwera madzulo musamufunse kuti amene wagona kuchipatala uja ali bwanji. Akakana kuyankha si mwano.

Ndipo aneba akabwera ndi mwana wawo wa zaka zitatu amene sakulankhula, akufuna kuti "adokotala" a pakhomo panu amuone, auzeni kuti wophunzira saloledwa kuthandiza wodwala payekha, kaya mwaulere kaya ndi ndalama, mpaka atamaliza ndi kulembetsedwa monga lamulo la Health Professions Act likunenera. Chimene angachite ndi kuwalangiza kuti ayambire kukiliniki yapafupi, akapemphe kuti mwanayo ayezedwe makutu, ndiponso kalata yopitira kuchipatala cha Parirenyatwa, cha Sally Mugabe kapena cha St Giles.